Njere Zisanu ndi Imodzi

Sukulu yathu imayamba ena akamatseka mashopu.
Chipinda chachitatu, pamwamba pa masitepe onunkha jiki,
kuseri kwa doko la Volos.
Tilipo khumi ndi anayi, ndipo wamng'ono pa tonse ali ndi imvi.
Lefteris amabwera ndi fumbi la simenti m'nsidze,
ine ndi manja otuwa ndi sopo wa kuchipatala
komwe ndakolopa makhonde zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Aphunzitsi athu, a Stamatia, ndi msinkhu wa mwana wanga.
Amadzaza bolodi ndi mayina a milungu:
uyu anabala uyu, uyu anameza ana ake,
uyu anakwatira mlongo wake maso ali gwa.
Lefteris anati, "Banja ili likanakhala mumsewu wathu
bwenzi apolisi akugona pakhomo."
Tinaseka mpaka a Stamatia anagogoda tebulo ndi makiyi.

Mayinawo sakhazikika m'mutu mwanga.
Ali pa zikwangwani za misewu, pa mahotela,
ngakhale galu wa aneba amayitanidwa limodzi la iwo,
koma ndikagwira cholembera
amadontha ngati madzi m'ndowa yobooka.

Lachitatu lina mu Novembala, mvula ikumenya zenera,
anatiuza za mtsikana amene ankathyola maluwa,
nthaka n'kung'ambika, iye n'kutengedwa kunsi.
Mayi wake, mwini tirigu yense,
anamufunafuna ndi miuni, osadya, osasamba,
n'kuuza minda kuti isabale.
Koma kunsiko mtsikana anali atalawa kale khangaza,
njere zisanu ndi imodzi,
ndipo wodya za kumeneko sabwerera wathunthu.
Anagawana chaka: theka kwa mayi, theka kumdima.
"Umu ndi momwe akale ankafotokozera nyengo yozizira,"
anatero a Stamatia. "Lembani."

Sindinalembe.
Ndinali pabwalo la ndege ku Thessaloniki
ndikukoka sutikesi yofiira yomwe ndinamugulira ndekha.
Evanthia wanga ndi namwino ku Stuttgart.
Palibe anamuba. Nthaka sinang'ambike,
inangosiya kulemba anthu ntchito.
Anati, "Chaka chimodzi chokha, amayi."

Ndinayamba kuwerenga pa zala, pansi pa desiki.
Malipiro oyamba.
Kiyi wa nyumba yoyang'ana njanji.
Chilankhulo chomwe tsopano amalota nacho.
Mwamuna wofatsa amene amandipatsa moni wa m'buku.
Kamwana kondiyang'ana pa foni ngati ndine nyengo ya mawa.
Zakwana zisanu.
Yotsalayo ndinaimva ndekha chilimwe chathachi,
akupinda zovala pabedi lomwe anakulirapo:
"Mawa ndikubwerera kwathu."
Sanazindikire n'komwe zomwe ananena.

Amabwera mu Ogasiti, masabata atatu.
Mayi wa m'nthanoyo ankalandira theka la chaka
n'kumaliraliranso!
Ine ndilibe mphamvu youmitsa minda ya anthu.
Ndili ndi miphika inayi ya maluwa pakhonde,
ndipo ndege ikangonyamuka
ndimaiwala kuithirira.

Tsiku la mayeso funso lachiwiri linati:
tchulani mayi ndi mwana wake wamkazi.
Ndinaluma cholembera, ndinayang'ana kudenga,
Lefteris ananong'ona chinachake chomwe sindinamve.
Pamzere woyamba ndinalemba Garifalia, langa.
Pawachiwiri, Evanthia.

Pepala linabwerako patapita sabata:
khumi ndi chimodzi pa makumi awiri,
mayina athu awiri atazunguliridwa ndi inki yofiira.
M'munsi mwenimweni, timalemba tating'ono topendekera:
"Mchimwene wanga ali ku Rotterdam. Chaka chachisanu ndi chitatu."

Potuluka sitinakambepo.
Iwo anazimitsa magetsi, ine ndinawagwirira chitseko,
tinatsika masitepe aja mumdima,
aliyense atagwira khoma lake.