Msoko umene ndinaumasula

Masana ndimapinda mabuluku a anthu
m'kachipinda kopanda zenera ku Fordsburg,
makina akulira, bwana akuwerenga mabatani.
Usiku ku Yeoville, magetsi akathawa,
ndinkasoka zina.

Panali buku lija, lodyeka m'makona,
la ankhondo awiri aakazi:
wina wa lupanga, wina woitana mvula.
Masamba mazana anayi akuyenda limodzi,
kumwera chikho chimodzi, kumangana mabala,
ndiye pamapeto mlembi anachita mantha,
anatola mwamuna kaya kuti
n'kumukwatitsa wa lupanga uja.
Woitana mvula anamupha tsamba lotsatira.

Ine msoko wokhota ndimaudziwa.
Ndinaumasula.

Pa foni yong'aluka galasi, batire ikutsinzina,
ndinawabwezera panjira, mphepo ikuwakwapula,
mpaka pa nyumba ya alendo
pomwe panatsala bedi limodzi lokha.
Mitu makumi awiri ndi itatu
asanagwirane ngakhale chala!

Kani tinalipo ambiri.
Nokuzola, nesi wa usiku, ankalemba odwala akagona;
mnyamata wometa pa Rockey Street
anapsompsonetsa akalonga awiri odana.
Tinkabwerekana ulusi, osalandira ngakhale senti,
maina athu enieni tili titawapinda m'thumba.

Loweruka lapitali matalala a ku Joni
anandithamangitsira m'sitolo ya mabuku ku Braamfontein.
Pa shelefu, poyera, osati kuseri:
akazi awiri pachikuto, nkhope ndi nkhope,
chinjoka chamapiko chitawazinga ngati mpanda.
Mtengo wake mabuluku khumi ndi asanu ndi awiri.

Ndinatsegula pakati.
Mvula. Nyumba ya alendo. Bedi limodzi.
Ndinaseka mpaka mlonda anacheuka.
Si langa, ayi, sanandibere;
koma kasokedwe ndi kathu,
kuchedwa dala kuja, kudana kosanduka ludzu,
zigamba zathu za mumdima
zasanduka nsalu ya pawindo.

Ndiye ndinachita zomwe ndinazolowera:
kuthamangira tsamba lomaliza
kukaona amene amuika m'manda.

Palibe.
Akalamba onse awiri, imvi mbuu,
akukangana za amene wasiya khola la chinjoka losatseka.
Pansi pake mlembi akuthokoza
“onse amene tinaphunzirira limodzi usiku, ulere.”
Ndinapukuta tsambalo ndi mkono wa juzi
ndisanalibwezere.

Sindinagule. Lendi ndi Lachisanu.
Ndinakwera takisi pa Bree, nsapato zili chonyowa,
mayi akuimba kuchokera ku Ntcheu:
“Nanga mnzako wogawana naye chipinda uja,
Tiyesere, ali bwanji? Sanapezebe banja?”
Ali bwino, mayi. Akupereka moni.

Ndinamupeza atayatsa kandulo,
wanditenthetsera madzi, akusoka batani la yunifolomu yake
mokhota, monga mwa masiku onse.
Ndinamulanda singano.
Kumbuyo kwathu, pansi pa bulangete la maluwa ofiira,
bedi limodzi lija
limene mayi sanafunsepo.