Mapazi a Mumlengalenga

Lolemba mapulasitiki, Lachitatu mabotolo,
Lachisanu mapepala okhaokha.
Ndinaloweza ngati katekisimu
chilipirireni chindapusa cha mayuro makumi asanu
chifukwa cha kachitini ka nsomba kosokerera m'thumba losayenera.
Masiku ano ngakhale kakapu ka yogati ndimakatsuka,
kukamatula pepala ndi chikhadabo,
n'kukayanika pawindo.

M'mbandakucha ndili kale panjinga,
kutsetserekera ku bwalo la ndege la Olbia,
baji pakhosi: Bastiana Pirodda, wokonza m'kati.
Kwa anthu oima pamzere ndi zikwama si kwanga.
Kwanga n'kuseri, kumene ndege zing'onozing'ono
zimagona mondondozana ngati nkhunda zokhuta,
iliyonse ndi mwini wake mmodzi.
Mu Ogasiti zimachita kusowa poima.

Dzulo ina inapita ku Milano yopanda wokwera,
kukatenga galu ndi keke.
Dzuwa lisanapendeke inali itabwerako.
Keke anaidya theka.
Galu anasanza pampando wachikopa,
wopukuta ndine, ndi sopo wosawononga chilengedwe.
Analemba choncho pabotolo, n'kujambulapo tsamba.

Gavina wanga anabwera ndi pepala la kusukulu.
Akuti munthu aliyense amasiya mapazi mumlengalenga,
aphunzitsi awatuma akayeze a pakhomo pawo.
Tinakhala patebulo, iye pensulo mkamwa:
Nyama timadya kangati?
Mumasamba mphindi zingati, amayi, osanama?
Nanga firiji yathu yolira ngati thalakitala ija?
Phazi lathu linapezeka lalikulu pang'ono kuposa loyenera.
Anadzuka, nakazimitsa babu la pakhonde,
nandiyang'ana ngati ndamubera kanthu.

Sindinamuuze kuti paipi imene Efisio amalumikiza kuphiko
imameza, iye akuyasamula,
zimene babu lathu silingamalize mpaka Gavina atamera imvi.
Sindinamuuzenso kuti ntchito yanga yeniyeni ndi mapazi:
ndikatha zonse ndimatuluka chafutambuyo
ndikupesa kapeti ndi makina,
kuti bwana polowa aone ngati sipanapondepo munthu.

Bambo anga anali ndi mitengo ya maolivi kumtunda, cha ku Cuglieri,
ina yakale kuposa tchalitchi.
Moto wa m'chilimwe chija unangofuna usiku umodzi.
Kutacha nkhosa zinali chiimire pawaya wa mpanda, zakuda bii,
mabelu akadali m'khosi.
Pa wailesi anati tonse tili ndi mlandu.
Tonse.
Mawu otakasuka ngati bulangeti:
ndimafunda ine, amafunda mwini galu,
ndipo pansi pake sudziwa wamtali ndani.
Amati mutu umodzi susenza denga,
koma ine ndimaona tsiku ndi tsiku
mutu umodzi ukuboola denga
tonse tili pansi pake.

Zinyalala za mundege zimalowa m'thumba limodzi lakuda,
palibe amene amafunsa.
Ine mabotolo ndimawapatulabe, sindidziwa chifukwa.
Mwina ndi manja chabe, anazolowera.
Mwina n'chifukwa cha bambo,
amene amasunga madzi ophikira pasita m'ndowa
n'kukathira pa zitsa zopserera,
ndipo zitatu zaphuka, timasamba totuwa ngati makutu a mbewa.
Lachitatu mabotolowo ndimawakweza panjinga.
Amalira ngwengwengwe kumbuyo kwanga msewu wonse,
pamwamba ina ikunyamuka, mthunzi wake n'kundipitirira.

Usiku uja, mumdima tinadzipatsa tokhawo,
Gavina anafunsa:
Nanga a kuntchito kwanu aja, pepalali anawapatsanso?
Ndinati gona.

Anali ndi lina lapadera, losalembapo.
Lero ndalipinda kanayi,
ndaliika m'thumba la mpando waukulu, pambali pa mndandanda wa vinyo,
ndi pensulo yake yolumidwalumidwa.
Mwina mawa andiitanira ku ofesi.
Mwina liponyedwa m'thumba lakuda, osatambasulidwa.
Ndatuluka chafutambuyo monga mwa masiku onse,
makina akulira,
koma pakhomo penipeni ndazimitsa,
ndaponda kamodzi, mwamphamvu,
n'kusiya pomwepo.