Nyali Yachikasu ku Radom

Czesław wafika kusanache,
chipale chofewa chili m'akakolo,
veni yake ya buledi ikutsimphina ngati galu wopondedwa.
Kuchokera ku Skaryszew, akuti, phazi lili pansi,
koma injini ikungong'ung'udza.
Nyali yachikasu ija yayakanso.

Ndalumikiza chingwe kunsi kwa chiwongolero,
kompyuta pamwendo, zala zitauma gwa.
Manambala sanama.
Sefa ya utsi yatsekeka,
mwaye wafika pakhosi.
Kachitseko kobweza utsi mu injini kamatirira,
sikatseguka, sikatseka,
ndipo madzi a yureya aundana usiku,
asiya timibulu ngati mchere pakamwa pa paipi.

Sindikudabwa.
Galimoto iyi imadzuka folo koloko,
kuima pagolosale iyi, kuima pa iyo,
mphindi zitatu, mphindi zisanu.
Mwaye umapsa ndi moto wa ulendo wautali,
Czesław amaupatsa timakona ndi maloboti.

"Bogumiła," akutero, maso ali pansapato,
"mwana wa mlamu wanga ku Kielce amangochotsa.
Kubowola sefa, kuuza kompyuta kuti zonse zili bwino,
basi. Mphamvu imachuluka, dizilo amachepa."
Sakunama.
Sefa yatsopano ndi malipiro ake a miyezi iwiri,
ndipo mkazi wake akudikira opaleshoni ya bondo.

Ndimatha kuchita zimenezo.
Ndi ntchito ya theka la ola
kuphunzitsa injini bodza,
kudula nyali lilime,
kuuza kachipangizo konunkhiza utsi
kuti mphuno yake ikulota.
Ndinachitapo, mathiraki asanu ndi awiri chaka chimodzi,
ndinagulira denga la galaja ino.

Koma ndimadziwa kumene veni iyi imaima seveni koloko:
pageti la sukulu ya mkaka, mumsewu wa Traugutta,
injini ikulira kuti mabanzi asazizire.
Tsiku lina ndinayeza ndi maso.
Paipi imathera pomwe pali mphuno
ya mwana wogwada kumanga chingwe cha nsapato.
Zimenezi sindimuuza.
Ndingoti, "Ndipatseni sipanala ya fifitini."

Mabawuti adya dzimbiri, limodzi laduka,
ndatukwana, iye waseka koyamba lero.
Sefa yatsika, yolemera ngati khanda.
Ndaipopera madzi mobwerera,
madzi akutuluka bii,
kenako otuwa,
kenako ngati tiyi wa munthu woumira.
Kachitseko ndakakwecha ndi mswachi wakale
mpaka kayamba kuphethira.

Masana tili pamsewu waukulu wopita ku Warsaw,
ine pampando wa kumanja, kompyuta pamwendo.
Giya yachinayi, ndikumuuza, musasinthe,
isiyeni ilire.
Kutentha kukukwera: madigiri mazana anayi, mazana asanu,
mazana asanu ndi limodzi.
Pansi pa mapazi athu mwaye wotsala ukupsa mwakachetechete,
fungo la chitsulo chotentha lasakanikirana ndi la yisiti.
Minda yoyera mbuu ikudutsa,
akhwangwala ali pa waya,
palibe akuyankhula.

Pafupi ndi Białobrzegi nyali yazima.
Czesław sakuikhulupirira.
Akugogoda galasi ndi chala
monga ogogoda pakhomo pa munthu wangongole.

Walipira theka,
lotsala akuti kumapeto kwa mwezi,
waika mikate itatu ya dzulo pabenchi, pambali pa mafayilo.
Ndamuuza: Lamlungu lililonse, msewu waukulu, mphindi makumi atatu.
Wavomera ndi mutu,
mutu wa munthu amene Lamlungu amagona.

Ndikudziwa phulusa silipsa,
limangodikira m'timabowo.
Pofika Malichi nyali ija idzayakanso,
ndipo nambala ya foni ya ku Kielce
ikadali m'thumba la jekete lake.

Ndasamba m'manja katatu.
Mizere ya m'zikhatho ikadali yakuda,
ndanyema mkate choncho.