Duwa la m'Chitini cha Penti

Lidalowa m'nyumba muno mobedwa.
Esinala adalithyola pa zenera la chipatala cha pa boma
tsiku lomwe adamutulutsa,
kanthambi kosaposa chala,
n'kukamanga pansonga ya chitenje ngati chenji.
Amvekere lobedwa ndiye limagwira.

Dzina lake sitidalidziwe.
Masamba ake mtundu wa jivi,
uja timapaka ana pa bala,
kunsi kwake kodera ngati nthudza yakupsa.
Tidalibzala m'chitini cha penti
nditaboola pansi kanayi ndi msomali,
dothi la kudzala, mchenga wa ku Linthipe manja awiri.

Mwini wake adapita mu Juni,
mwezi umene nkhungu imatsika m'phiri la Dedza
n'kudzagona pakhomo mpaka teni koloko.
Anthu atabalalika, mphasa zitabwerera kwa eni,
tidatsala atatu:
ine, makina osokera, ndi chitini.

Ndidatsala pang'ono kulipha ndi chikondi.
Madzi m'mawa, madzi madzulo,
ngakhale tiyi wotsalira m'kapu.
Poopa chisanu ndidalichotsa pa zenera
n'kuliika pamwamba pa kabati, kumdima.
Lidatalika ngati mwana wodwaladwala,
mfundo kutalikirana,
masamba kusuluka mpaka kubiriwira ngati udzu wamba,
likulendewera, likufwanthula khoma
kufuna dzuwa limene ndidalimana.

Loweruka lina Tiyanjane adabwera kuchokera ku Lizulu
atasenza kachewere ndi kabichi.
Sadafunse.
Adatenga sizasi yanga yodulira suti za eni,
khwapu, khwapu, khwapu,
nthambi zonse pansi.
Ndidamulankhula mawu
amene bambo sayenera kulankhula kwa mwana.
Iye adangotola zodulazo n'kuziviika m'botolo la madzi,
chitini n'kuchibwezera pa zenera.
"Ababa, limeneli mukalimvera chisoni limafa.
Muzipisa chala m'dothi.
Chikatuluka chonyowa, lisiyeni."

Masabata awiri sindidamuimbire foni.

Koma paliponse pamene padadutsa sizasi
padatuluka timphukira tiwiritiwiri,
ndipo mtundu uja udabwerera,
kuyambira m'mphepete mwa tsamba kulowa m'kati,
monga magazi abwerera m'dzanja lomwe unagonera.
M'botolo muja namo timizu toyera,
tosiyana pang'ono ndi ulusi wanga.

Tsopano ndimalitsina nsonga ndekha, ndi chikhadabo.
Dzanja limanjenjemerabe.

Lafalikira mudzi wonse wa kuseri kwa msika.
Lili kwa mayi Nashawa a mandasi, m'poto wobooka,
lili pa khonde la aphunzitsi a Kamtedza,
lili m'tayala pa malo ometera,
ena akuti adaliona mpaka ku Bembeke.
Amabwera ndi thalauza loti ndipinde,
maso ali pa zenera.
Ena amapempha. Ndimakana.
Kenaka ndimawerama pa makina,
ndimachedwa dala kulowetsa ulusi pa singano,
kufikira nditamva kuseri kwanga
kanthambi kakuti thyo.