Wochapa Majezi

Lolemba m'mawa mu lesitilanti ya Odell Pruitt
khofi asanazizire, mlandu wayamba kale.
Thurman wamenyetsa nyuzipepala pa tebulo:
Kochi ameneyu achoke basi!
Tagonja kanayi kotsatizana,
ndipo Loweruka, atatsala mayadi awiri okha,
munthu n'kulamula kuti mpira aumenye ndi phazi?
Delbert akuti ayi, vuto ndi ndalama,
makoleji akumpoto akutitolera ana athu onse.
Awiriwa avala zipewa zobiriwira za koleji ya Wexmoor,
ngakhale palibe analowapo m'kalasi mwake.

Ine ndili pakona ndi mazira anga awiri.
Sandifunsa kanthu.
Ndine Marvella wa m'chipinda cha pansi pa sitediyamu,
momwe makina asanu amalira mpaka mbandakucha.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikuchapa majezi a anyamatawa.

Zomwe a wailesi amadzakuwa Lachitatu
ine ndimaziwerenga Lamulungu, pa nsalu.
Udzu paphewa: anamugwetsa chammbali.
Matope mpaka m'khosi: analimbana mpaka wezulo yomaliza.
Kadontho ka magazi pa kolala, ake kapena a mnzake, kaya.
Koma jezi yobwera yoyera mbee,
ikununkhirabe sopo wanga wa sabata yatha,
imeneyo ndiye imandilasa.
Mwana wakhala pa benchi maola atatu,
mayi ake atayendetsa galimoto usiku wonse kuchokera ku Mississippi
kudzamuona akuombera anzake m'manja.

Nambala 84, Tavion. Masabata asanu ndi limodzi, mbee.
Dzulo m'thumba la jekete lake ndinapezamo kapepala konyowa,
dzina la koleji ina, ndi nambala ya foni.
Ndinakaumitsa pamwamba pa makina ofunda
n'kukabwezera m'lokala mwake.
Thurman adzamva mwezi wamawa
ndipo adzati ana a masiku ano ndi osayamika.

Novembala ndi mwezi wa mitolo iwiri.
Kunja chipale chofewa chayamba kuwaza mizere ya bwalo,
m'holo nsapato zayamba kulira tswii, tswii pa matabwa.
Majezi a basiketibo sabwera ndi dothi,
amabwera olemera ndi thukuta,
mchere utajambula mapu kumsana.

Delbert maso ayera.
Akuti iwalani za mpira wogundanawo,
tapeza chimnyamata cha ku Nebraska
chowerama polowa pakhomo,
chaka chino dengu litipukuta misozi!
Thurman akuwerengera kale pa zala matimu amene tiwaswe.
Ine ndikutafuna buledi.
Mabandeji a bondo la chimnyamatacho
amabwera awiriawiri tsiku lililonse,
akununkha mankhwala otentha aja,
ndipo sokosi yake yakumanzere siikutha msanga ngati yakumanja.
Munthu akamaopa kuponda, nsalu imadziwa.

Za atsikana palibe akutchula.
Apambana kasanu, mipando ili gwaa, yopanda anthu.
Renita Boggs, wamfupi kuposa onse,
amang'amba jezi pamalo amodzimodzi, pansi pa khwapa,
pomwe adani amamukoka akawadutsa.
Ndasokapo katatu. Ulusi wobiriwira wanditheranso.

Odell akuthira khofi wachitatu.
Mawu akwera, supuni zikugunda makapu,
kochi wachotsedwa ntchito kawiri, wabwezeretsedwa kamodzi,
zonsezi koloko isanakwane eyiti.
Kenaka Thurman akucheuka, ngati wandiona lero:
Marvella, iwe umakhala m'katimo,
tatiuza, wamvako zotani?

Ndikupukuta pakamwa, ndikuika madola anayi pansi pa mbale.
Ndamva kuti bulichi wakwera mtengo, ndikutero.
Akuseka onse, mpaka Delbert kutsamwa.

Panja mphepo ikuluma makutu.
Makiyi ali m'thumba, akulira poyenda.
Pansi pa sitediyamu mitolo ikundidikira,
ndipo pamwamba pa mtolo woyamba
pali 84, yopindidwa kale bwinobwino ndi mwini wake.
Ndiichapabe.