Katoni Yachisanu

Dokotala Namaona anandipatsa makatoni anayi
ndi mapepala odzaza jumbo,
pepala lililonse ntchito imodzi
imene anthu awiri angagwire
atavala magalasi aja otsekera dziko kunja.
"Sanja," anatero, "pofika Lachisanu ndione."

Katoni yoyamba ndi ya onyamulira limodzi.
Ine ndi Asiyatu tinayesa:
thabwa lopanda kulemera, iye uko, ine kuno,
kulilowetsa pakhomo losakhalako.
Tinaligunditsa kasanu konse,
ndipo anandikalipira ngati ndamuponda chala chenicheni.

Yachiwiri ndi ya wina aloza, wina agwira.
Amidu wa pagalaja ku Chinamwali
anavala aja oonekera mbali zonse,
injini ya minibasi ili pamaso pake ndi girizi yemwe,
muvi wobiriwira ukulendewera pamwamba pa bawuti,
ine ndili ku Chirunga kukuwa: kumanzere,
ayi, kumanzere kwako!
Anaseka. "Iwe sipanala unaigwirapo?"
Ndinalemba kuseri kwa pepala:
woloza nayenso amalozeredwa.

Yachitatu, ya oyang'ana chinthu chimodzi n'kumakangana,
inadzaza msanga.

Yachinayi ndi ya osiyirana,
wina amanga m'mawa, wina adzapeza madzulo,
ngati waganyu ndi mwini munda
odziwana ndi mizere yokha.

Lachitatu usiku magetsi anapirira.
Achimwene anga a Lekeleni,
a ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri tsopano,
anabwereka magalasi kwa mwana wa bwana wawo.
Tinakumana m'chipinda chotuwa chopanda zenera,
iwo mutu ndi zikhatho ziwiri zoyandama,
ine chimodzimodzi.
Makina anati tiunjike njerwa monga mwa mitundu yake.
Sitinakhudze ndi imodzi yomwe.

Anafunsa ngati nkhungu imatsikabe kuphiri
kudzameza Mulunguzi nyengo yachisanu,
ngati ana amathamangirabe galimoto ndi mabulosi
pamsewu wokwera ku Chawe.
Ndinati eya.
Za maliro a bambo, amene iwo sanabwereko,
sanafunse, nanenso sindinayambe.

Tinangokhala.
Chikhatho chawo chopanda mkono chinasendera
n'kudzaima pamene pakanakhala phewa langa.
Sindinamve kanthu.
Sindinasunthe.
Mpaka bandulo inatha, chipinda n'kuzima.

Lachisanu Dokotala anapeza makatoni ali tho,
pepala limodzi lili lokha patebulo.
Analitembenuza kawiri.
"Cholinga chake n'chiyani?
Ndani akutsogolera?
Nanga tidzayeza bwanji kuti yatheka?"
Ndinayang'ana nsapato zanga.
"Ngati siyezeka," anatero mofatsa, "mwina si ntchito."

Madzulo ndinatsikira ku Mpondabwino,
mayi wa paokala anandipatsa katoni ya sopo,
yonyowa pangodya, yonunkhirabe.
Ili pansi pa tebulo langa,
pepala lija lili m'kati.
Cholembera ndachitsegula kangapo,
koma dzina sindinailembebe.