Mpando wa Kumbuyo Kwanga

Basi yanga ili ndi mipando makumi awiri ndi isanu ndi itatu.
Ana alipo asanu ndi anayi.
Ndimailiza nkhungu isanachoke m'mapiri a Shikoku,
mikungudza ikadali kudontha mame,
ndipo pokhota poyamba pamaima Ritsu,
kabelu koingitsira nguluwe kali ngelengele pachikwama,
maso ali ndi tulo, tsaya lili ndi mpunga.

Chizuru amakwerera pamlatho.
Moni amapereka kwa ine, kenako kwa chiwongolero,
chiwala chimene wabisa m'thumba chikupalasa.
Mapasa a kwa Kuwabara amalimbirana zenera limodzi
pamene mazenera khumi ali yasa, opanda mwini.

Pakhomo la sukulu timavula nsapato.
Mashelefu ake anakhomera ana mazana atatu;
lero nsapato zangoti apa, apo,
ngati mano m'kamwa mwa nkhalamba.
Panga panali pachitatu kuchokera pansi.
Dzina langa likadalipo, ndinalikanda ndi msomali,
ndipo ndinaima pakhonde mpaka dzuwa kupendeka
chifukwa cha msomali womwewo.

Masana ana amavala tizipewa toyera, nagawa okha supu.
Mayi Hamaguchi, mphunzitsi wamkulu,
amaima pamzera ndi mbale yawo, kudikira
kamnyamata ka zaka zisanu ndi ziwiri kawayezere chipande.
Akatha kudya, sanza pansi, matako m'mwamba,
liwiro m'khonde lonse,
kukolopa ngakhale zipinda zimene choko chinaleka kulira.

Loweruka lapitali linali la masewera a pachaka.
Ana asanu ndi anayi sangakwane mbali ziwiri za chingwe,
ndiye mudzi unatsetsereka m'mapiri:
wamtengatenga wa makalata ndi chisoti chake,
wansembe wa kukachisi atapinda mkanjo,
amayi a pasitolo atatseka chitseko dzuwa lili paliwombo,
ndi a Tokuji, a zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi,
amene anagoneka ndodo pa udzu
nalavulira m'manja.
Ofiira uku, oyera uko.
Chingwe chija anakokapo atate athu.
Chinalira kamodzi,
chinaliranso,
kenako thu!
Mudzi wonse chagada, miyendo ikupalasa mitambo.
Mano oikirira a Tokuji anawatola Ritsu pafupi ndi golo,
nawabweretsa m'manja awiri ngati dzira.
Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.
Pabolodi la zigoli mayi Hamaguchi sanalembe kanthu,
amangopukuta misozi ndi mkono wa malaya.

M'kabati ya mu ofesi muli kalata ya boma.
Palibe amaitchula.
Timakamba za mbatata za m'munda wa sukulu,
kuti anyani atisiyira zingati,
za denga la holo, kuti adzakwerapo ndani chisanu chisanafike.
Koma kuwerenga tonse timadziwa,
tinaphunzirira pompano:
mu Malichi atatu akutsazika,
mu Epulo wolowa ndi mmodzi.

Dzina lake ndi Nagi.
Makolo ake anasiya Osaka kudzaweta njuchi kumtunda.
Chikwama amugulira kale, chotakata kuposa msana wake,
amayenda nacho pabwalo la kwawo ngati kamba.
Dzulo anandiimitsa pamsewu, dzanja m'mwamba ngati wapolisi.
Akuti, wanga ndi uti?
Ndinati sankha.
Anayesa yonse, umodzi umodzi, osafulumira,
injini ikuguguda, enawo akudandaula kuti belu lalira.
Wachisanu ndi chimodzi unamununkhira nsomba.
Wakumbuyo kwenikweni, akuti, ukuopsa.
Anadzakhala wa kumbuyo kwanga,
nagunda msana wanga ndi bondo kawiri, kuyesa mtunda.

Lamba wa mpando umenewo anatha kalekale.
Ndaitanitsa wina ku tawuni.
Akuti afika Lachinayi.